Adyo Wolukira Kumanzere

Uthenga unandipeza ndili pansi pa chigafa, miyendo nditatambasula, chisingano chosokera fodya chili m'manja, manjawo ali bii ndi phula. Sunabwere m'kalata uthengawo, ayi. Sunabwere pa wailesi, ayi. Unabwera ukununkha! Unagwa pamiyendo panga kuti phi, ndipo amene anauponya anali a Layitoni, dalaivala wa lole ya pa esiteti, bambo wa mimba ngati mtsuko ndi pakamwa posatopa.

"Mai Adyo," anatero, "malonda anu akulandani. Ku Lizulu kuli anzanu. Ndagula uyu kuti mundikonzere za chifuwa chija."

Ndinayang'ana. Chinali chingwe cha adyo, mitu yonenepa, masamba ake olukidwa ngati tsitsi la mtsikana wopita ku ukwati. Ndinayang'ananso. Kalukidweko kanali kopita kumanzere. Pakati pa mitu panali tinthambi ta chanzi touma. Kumapeto mfundo ziwiri ndi kamchira.

Ndinakuwa, abale, ndinakuwa! Nthungululu inatuluka yokha osandipempha. Ndinadzuka, ndinalumpha, mutu unagunda mtanda wa chigafa, fodya wa bwana anagwa ngati mvula. Mnzanga Anasitaziya anathawira panja akuti njoka, njoka! Ine ndikuti si njoka, mwali, ndi Sesiliya! Sesiliya ali moyo, Sesiliya akuluka, Sesiliya wanga ali ndi manja ake onse awiri!

Imani kaye ndikuuzeni bwino, poti inu amene kunalibe mungati nkhalamba inapenga ndi fungo la adyo.

Kwathu ndi ku Mozambiki, kufupi ndi Domwe, kumene chisanu chimaluma makutu ndipo mapichesi amagwa okha osagwedeza. Ku shikola ya ku mishoni ndinapondako zaka ziwiri zokha, n'chifukwa chake zilembo zanga zimayenda ngati abakha. Komanso ndinabadwa wamanzere. Amayi anayesa kundimanga dzanja ndi luzi, anayesa kundimenya ndi mthiko, dzanja linakana. Ndiye pamene ankandiphunzitsa kuluka adyo, iwo akuluka cha uku, ine ndikuluka cha uko. Akazi a pamsika wa Domwe ankaseka, amvekere, "Wabwera uja wa adyo wobwerera m'mbuyo." Koma ankagula, poti ndinkaikamo chanzi, ndipo ukapachika chingwe chotere m'nkhokwe anankafumbwe amayamba aganiza kaye asanalowe.

Amuna anga anapita ku Joni, mgodi unawakonda kuposa ine, sanabwerenso. Anandisiyira mwana mmodzi yekha, Sesiliya, ndi kuseri kwa nyumba. Kuseriko ndiko kunali chuma changa. Chanzi chowiritsa munthu akagwidwa chimfine. Mpungabwi wofukiza kuti udzudzu ukalire kwina. Mtengo wa gwafa, umene nsonga zake zimamanga m'mimba mukamasuka. Ndi chinthembwe, chimene ana a masiku ano akuti alovera, chamadzi oterera oziziritsa popsa. Sesiliya ali wamng'ono anagwera pa mbaula n'kupsa mkono, ndipo ndi chinthembwe chimene chinamugonetsa tulo. Chipsera chinatsala, chonga tsamba la pichesi.

Mwanayo anali wamanja bwinobwino. Koma kuluka anaphunzira atakhala pambali panga, maso pa zala zanga, ndiye naye ankalukira kumanzere. M'dziko lonse la Mulungu tinalipo awiri okha oluka chotero, mfundo ziwiri ndi kamchira.

Tsiku limene nkhondo inafika kwathu unali m'mawa, dzuwa lili bwinobwino. Sesiliya anali atanyamuka ndi dengu la adyo kupita kumsika, msinkhu wake mabere akungoyamba kumene. Ine ndili kuseri ndikupalira. Kenaka phuu! phuu! kumsewu. Utsi. Anthu akuthamanga, mbuzi zikuthamanga, nkhuku zikuuluka ngati zinaphunzira. Ndinathamangira kumsewu kukafuna mwana, anthu anandibweza ngati madzi a mtsinje. Amayi anga anakana kuthawa kutali, anati, "Ine ndikwera phiri, ndife ndikuona denga langa."

Mukudziwa chimene ndinanyamula? Bulangete ndinalisiya pamphasa. Poto ndinamusiya pamafuwa. Ndinazindikira ndili kale mbali ya Dedza kuti pamutu ndasenza chitini cha chinthembwe, m'khosi ndakoleka chingwe cha adyo. Mutu wa munthu wothawa ndi wa nkhuku, musamaufunse nzeru.

Ndinayenda m'misasa ya othawa nkhondo miyezi ndi miyezi. Mwamuona mtsikana wa chipsera pamkono? Wina akuti anamuona akulowera kumwera. Wina akuti anamutenga anyamata a mfuti. Wina akungoyang'ana pansi. Njala itandipana, kunabwera lole yofuna anthu okalima fodya ku Kasungu. Ndinati ndikagwire chaka chimodzi, ndipeze mphamvu, ndidzafunenso. Chaka chimodzicho chinaswana, chinabala zina zisanu ndi chimodzi.

Ku esiteti anatipatsa tinyumba ta udzu tondandalika ngati mano a chipeso. Ine anandiphatikiza ndi Anasitaziya wa ku Ulongwe, mkazi wa kalaliki, amene chibadwire anali asanagwirepo khasu. Iye pothawa ananyamula nsapato zofiira zazitali kumbuyo. Tsiku loyamba tinayang'anana, iye ndi nsapato, ine ndi chitini, tinaseka mpaka tinalira, tinalira mpaka tinasekanso. Kuyambira pamenepo tinali pachibale.

Fodya, abale, ndi mwana wosakula. Umuthirire ku nazale, umuwokere, umupalire, umuthyole, umusoke, umupachike, umusankhe, ndipo ukamaliza sungamudye. Phula lake limamata m'manja, sopo sakwanako. Ine ndinawaonetsa anzanga ndimu ndi phulusa, manja n'kuyera. Phoso lathu linali chimanga ndi nyemba zobooka, anankafumbwe akusambira pamwamba ngati alipira. Anasitaziya ankati, "Usawataye, mwali, nyama yathu ndi yomweyo."

Ndinati ndibzale kuseri kwa kanyumba. Kapitawo wathu, a Gwaza, bambo wamfupi wa chipewa chachikulu, anandipeza ndikukumba.

"Mayi inu a ku Chipwitikizi, dothi lino ndi la fodya. Ngakhale udzu umamera ndi chilolezo."

"Pepani, a kapitawo."

Mawa lake ndinatola mabeseni obooka, mapoto akutha, ndowa yopanda pansi, ndinatapa dothi la pachulu cha kunja kwa mpanda. Atabweranso ndinati, "Ili si dothi la bwana. Dothi ndi la chiswe, beseni ndi langa." Anatembenuka, anapita.

M'mabeseni mmenemo munatuluka chipatala chaching'ono. Wodzicheka ndi chikwanje, ndimufinyire chisoso pabala. Wa ming'alu kumapazi, chinthembwe. Wa chifuwa, adyo wosinja ndi ndimu m'madzi ofunda, amwe akutukwana, mawa abwere akuthokoza. Madzulo tinkaponya mpungabwi pamakala, udzudzu n'kusamukira kwa a kapitawo. Tsiku lina bwana anatipatsa ng'ombe yofa ndi ukalamba, nyama yolimba ngati tayala la lole. Ndinaikulunga m'masamba a papaya, inafewa, anthu anadya akundiimbira nyimbo. Dzina langa lenileni linatayika, ndinasanduka Mai Adyo. Koma ndinkadziwa polekezera. Mwana akatentha thupi n'kuyamba kutembenuza maso, ndinkati, "Uyu si wa beseni, thamangani naye kuchipatala," ndipo ndinkawathamangitsa ndi chikuni.

A Gwaza ankadutsa atakweza mphuno, amvekere mankhwala a anthu osaphunzira. Mpaka tsiku lina masana, anthu ali kumunda, ndinaona chipewa chikusuzumira kuseri kwa nyumba.

"Mai Adyo," akunong'ona, "pali mnzanga wina. Masiku asanu sanapite kuthengo."

"Mnzanuyo ndi wamfupi?"

"Ndi wamfupi."

"Amavala chipewa?"

"Mayi, musandichedwetse."

Ndinawadulira kansonga ka chinthembwe. Ndinati madzi achikasu owawa otuluka podulapo, mnzanuyo adonthezere pang'ono pokha m'kapu, pang'ono ngati misozi ya mkazi wamasiye amene sankawakonda amuna ake. Koma a kapitawo ndi a kapitawo, zochepa sizigwirizana ndi udindo. Ine nditapita kumunda, anabwerera n'kudula tsamba lonse lalikulu.

Mawa lake tili pamzere akutiitana maina. "Anasitaziya!" Iye akuti ndilipo. "Mai A..." Anaima. Nkhope inasintha. Chipewa chinatsala m'malere, mwini wake ali kale m'chimanga. Tsiku limenelo a Gwaza anayenda mtunda woposa wa lole ya a Layitoni, ndipo palibe anatikalipira ngakhale kamodzi. Titaweruka ndinawawiritsira nsonga za gwafa n'kuwapititsira. Anali atagona chafufumimba pakhonde.

"Mnzanu uja ali bwanji?"

"Wamwalira," anatero. "Amene mukumuonayu ndi mzimu wake."

Chichokereni tsiku limenelo mabeseni anga sanawakhudzenso.

Fodya akagulitsidwa, kangachepe kamene ndinkalandira ndinkagula mchere, sopo ndi kapulana, chitenje cha kwathu, kutumiza kwa amayi kuphiri. Ankanyamula ndi a Pedulo, msuweni wanga, amene ankadziwa tinjira ta m'tchire todutsa malire ndi njinga yopanda mabuleki. Katundu aliyense ankapita ndi funso limodzi: za Sesiliya mwamvako? Yankho linkabwera limodzimodzi: sitinamve. Chaka ndi chaka, sitinamve. Ndinkati ndikaluka adyo wanga wa m'beseni, pofika pa kamchira paja maso sankaonanso.

Ndiye mwamva tsopano chifukwa chimene ndinagwetsera fodya wa bwana.

Ndinawagwira malaya a Layitoni. "Amene wakugulitsani ndi mtsikana? Ali ndi chipsera?"

"Chipsera sindinaone. Ndinaona ndevu."

"Ndevu?"

"Mwamuna, mayi, wamtali ngati mlongoti."

Mtima unati go. Koma chingwe chinali m'manja mwanga, chanzi chake chikadanunkhira, cha chaka chomwecho. Ndevu kaya mlongoti, zala zimene zinaluka apa ndinazisambitsa ndine.

Ndinapita kwa a Gwaza kukapempha njira. Inali nyengo yosankha fodya, nyengo imene ngakhale maliro amadikira.

"Mukachoka pano lero, malo anu atha," anatero. "Bwana sadzamva za adyo."

"Athe."

"Nanga mukakapeza kuti si iyeyo? Mudzadya chiyani?"

Anayankha ndi Anasitaziya, amene anali atanditsatira. "Fodya wake ndisankha ndine, wanga ndi wake. Ndipo a kapitawo, nkhani ya mnzanu wamfupi ija bwana sanaimvebe. Amakonda nkhani zoseketsa bwana uja."

A Gwaza anakonza chipewa. "Lole inyamuka mawa m'mawa. Ine sindinaone kanthu." Ndikutembenuka anawonjezera chapansipansi, "Mabeseni aja ndizithirira ndine."

M'mawa Anasitaziya anatulutsa nsapato zake zofiira, zimene zaka zonsezo ankangozipukuta Lamulungu n'kuzibwezera m'thumba. "Sungakaonekere kwa mwana ndi ming'alu imeneyo, angati amake ndi ng'ona." Ndinayesa kuvala, chala chachikulu chokha ndicho chinalowa. Ndinazimanga m'kansalu n'kuzisenza pamutu. Ndinakwera pamwamba pa mabelo a fodya, mphepo ikundimenya, ine ndikuimba njira yonse:

Adyo wanga tsogola,
ndikutsata fungo lako,
ukandisocheretsa, adyo,
ndidzakudya ndi mchere.

Ku Lizulu msewu ndiwo malire. Uku Malawi, uko kwathu, pakati malole. Ndinayang'ana tsidya, mapiri athu ali phee ngati sakudziwa kanthu. Msika wodzaza kabichi, mbatata, anyezi, matimati. A Layitoni analoza ndi mlomo. "Ndi uyo."

Analidi mlongoti. Ndevu zakuda, malaya ong'ambika paphewa, ndipo patsogolo pake zingwe za adyo zili ndanda, zonse zolukira kumanzere, zonse mfundo ziwiri ndi kamchira. Ndinadzigwira, ndinafunsa mwaulemu.

"Bambo, adyo wokongolayu analuka ndani?"

Iye, pofuna kukometsa malonda monga amachitira a pamsika, anadzigunda pachifuwa. "Ndaluka ndekha, mayi. Manja awa. Luso la makolo anga."

Bodza! Bodza lamasana! Ndipo munthu amanamiranji ngati alibe chobisa? M'mutu mwanga munadutsa zonse zimene ndinamva m'misasa: anyamata a mfuti, atsikana otengedwa, katundu wolandidwa. Ndinamasula chingwe chimodzi n'kumuponyera.

"Lukani ndione."

Anaseka. Anagwira masamba. Anapotoza uku, anapotoza uko, chinatuluka chinthu chonga chisa cha khoswe.

Zimene zinatsatira ndinakaulula kwa ansembe, ndipo ansembewo anatuluka kaye panja kukatsokomola. Ndinamugwira lamba. Ndinamukoka. Anapunthwa pa thumba la mbatata, mlongoti wonse unagwa chagada kuti khu! Ndinamukhalira pachifuwa, ndinamasula kansalu, nsapato yofiira ya Anasitaziya inagwira ntchito yake yoyamba m'dziko la Malawi.

"Wamuika kuti mwana wanga? Go! Wamuika kuti? Go! Nena, chigawenga iwe!"

"Mayo! Anthuni, ndilanditseni! Mayi awa sindikuwadziwa!"

Msika wonse unasonkhana. A Layitoni akuti, "Mai Adyo, pang'onopang'ono," koma akuseka mpaka mimba ikugwedezeka. Kenaka kumbuyo kwanga kunamveka mawu a mkazi, akuthwa ngati mpeni.

"Siyani mwamuna wanga, mayi inu! Siyani, ndingakuswereni mutu!"

Ndinatembenuka. Mayi wathunthu, mwana kumsana, m'manja atakweza nzimbe kuti andikwapule. Nkhope sindinaidziwe msanga, poti ine ndinkafuna kamtsikana. Koma mkono umene unakweza nzimbewo unali ndi tsamba la pichesi.

Nzimbe inaima m'mwamba. Nsapato inaima m'mwamba.

"Amayi?"

"Sesiliya?"

Nzimbe inagwa. Anagwada, anandikumbatira, tinalira, tinalira, misozi ndi mamina osadziwa za yani ndi ziti. Ndikumugwira nkhope, ndikumugwira makutu, ndikuwerenga zala. Ndikuti wakula ndani anakuuza ukule ine kulibe? Iye akuti amayi mukununkhabe chimodzimodzi! Nthawi yonseyi ine ndili chikhalire pomwe ndinakhala. Kenaka pansi panga panatuluka kamawu.

"Amake mwana, kodi awa ndani?"

Sesiliya anapukuta m'maso. Anayang'ana ine, anayang'ana pansi. Anagwira pakamwa.

"A Fabiyano... ndi apongozi anu."

Abale inu. Kwathu mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Sadyera pamodzi, sakhala mphasa imodzi, ngakhale chithunzithunzi chako chisamukhudze. Ndipo ine, mayi wa mpingo, ndinali nditakhala pachifuwa pa mkamwini wanga, pakati pa msika, dzanja lina lili pa lamba wake.

Ine ndinafunda kapulana kumutu. Iye anatseka maso ndi manja onse awiri. Ndinadzuka chobwerera m'mbuyo, iye anakwawa chobwerera m'mbuyo. Ataimirira sanayang'ane uku kapena uku. Anadumpha kabichi, anadumpha ngalande, anadutsa msewu patsogolo pa lole, hutala ikulira, n'kulowa m'tchire la ku Mozambiki. Mayi wina wogulitsa anyezi anaomba m'manja, amvekere, "Taonani, wasankha nkhondo kusiyana ndi apongozi!"

Sesiliya ananditengera ku kanyumba kawo ka kumsasa. Kumeneko anandiuza zonse. Mfuti zitalira, iye anathawira kumwera ndi anthu osawadziwa, dengu lili pamutu, osakumbuka n'komwe kuti alitule. Mayi wina wachifundo anamusunga. Adyo wa m'dengu uja sanamugulitse, sanamudye. Anamubzala. Chaka ndi chaka ankabzala, ankaluka, akuti mwina tsiku lina chingwe china chidzafika kumene kuli amayi. Fabiyano anali mwana wa mayi anamusungayo, munthu wofatsa, wolima, vuto lake pakamwa pokha akakhala pamalonda.

Ndiye anamasula mbereko n'kundiika mwana pamiyendo. Kamtsikana, masaya ngati mapichesi. Ine amene m'mawa ndinadzuka wopanda mwana, dzuwa lisanalowe ndinali agogo! Ndinavina ndi mawondo nditakhala pansi, ndinavina ndi mapewa, ndinavina ndi nsidze.

Fabiyano anabwera dzuwa likupendeka, njala itamubweza. Anakhala kuseri kwa nyumba, ine kumaso, khoma pakati. Pamphumi pake, anatero Sesiliya, panali chotupa ngati dzira la bakha ndi kabala ka chidendene cha nsapato. Ndinatulutsa tsamba la chinthembwe limene ndinanyamula, ndinalankhula ndi khoma.

"Khoma iwe, uwauze eni nyumba kuti apake ichi pabalapo, m'mawa ndi madzulo."

Khoma linayankha, "Auzeni alendo kuti tathokoza. Auzeninso kuti dzanja lawo lamanzere ndi lamphamvu."

"Khoma, ufunse chifukwa chake ananama."

"Khoma likuti adyo woluka mwamuna amayenda malonda msanga. Koma lasiya. Lalumbira."

Mawa lake ndinagula nkhuku yoyera n'kupereka kwa amake Fabiyano, kupepesa. Anailandira akuseka mpaka anatsamwa. Anati, "Asebere, mwanayu chibadwire ndinkafuna wina amumenyeko chifukwa cha bodza, koma sindinkamufikira."

Ku esiteti ndinabwererako kamodzi kokha, kukabweza nsapato ndi kutsazika. Ina inali itathyoka chidendene. Anasitaziya atamva mmene inathyokera anaipsompsona, anati imeneyi saikonzetsa. Mabeseni ndinawasiyira a Gwaza. Ndinawabwerezera katatu: pang'ono pokha, a kapitawo, pang'ono pokha.

Sipanapite nthawi yaitali mfuti zinatonthola. Tinasenza katundu, tinadutsa msewu uja, ulendo wa ku Domwe. Fabiyano patsogolo kutali, ine m'mbuyo kutali, Sesiliya pakati akunyamula mauthenga. Mudzi sitinaudziwe. Tchire lokhalokha, nyumba zonse zinapsa. Tinazungulira, tinazungulira, mpaka mphepo inandibweretsera fungo la chanzi. Ndinalitsata. Chanzi chinali chitakula kundipitirira, chinthembwe chitaswana bwalo lonse, gwafa ali chiimire, pichesi atachita maluwa popanda womuuza. Nyumba inafa, kuseri kwa nyumba kunakana kufa.

Ndipo pansi pa gwafa panali kachisakasa, m'kachisakasamo munatuluka kankhalamba kopanda dzino ndi limodzi lomwe, katavala makapulana onse asanu ndi awiri amene ndinkatumiza, nthawi imodzi, wina pamwamba pa mnzake. Amayi! Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wachedwa," anatero. "Ndipo munda wako ndatopa nawo."

Atamuona Sesiliya, amayi anakhala pansi. Kenaka anatuma Fabiyano kuti akumbe pansi pa pichesi. Munatuluka mtsuko, mumtsukomo sopo yense amene ndinkatumiza, osakhudzidwa ngakhale mmodzi.

"Amayi, zaka zonsezi osasamba ndi sopo?"

"Ukanunkhira sopo, a mfuti ankafunsa kumene wamutenga. Ine ndinkadzipaka mpungabwi, ndizinunkha ngati tchire. Tchire salifunsa mafunso."

Tinasamba, abale! Mudzi wonse wobwerera unasamba sopo wa ku Kasungu, mtsinje unachita thovu mpaka achule anadabwa. Titayera tinati tichite chikondwerero, tithokoze Mulungu amene anabisa njira m'chingwe cha adyo. Tinafulula thobwa, tinapha mbuzi yokalamba, masamba a papaya anagwira ntchito yawo.

Ndipo anabwera, ee, anabwera! Anabwera a Pedulo ndi njinga yawo yopanda mabuleki, anaima poomba nkhokwe. Anabwera Anasitaziya kuchokera ku Ulongwe, nsapato zofiira kumapazi, akutsimphina mbali imodzi monyada. Anabwera amake Fabiyano, asebere anga, atanyamula ana a nkhuku yoyera ija. Anabwera a Layitoni, lole ataisiya kumalire, chifuwa chitapola koma pakamwa pasanapole. Anabwera a Katarina a kutsidya kwa dambo, amene tinawalira kale maliro. Anabwera a Zuze ndi mwendo umodzi ndi ng'oma ziwiri. Anabwera a Marita ndi a Lusiya, aja ankaseka adyo wobwerera m'mbuyo, tsopano akupempha kuti ndiwaphunzitse. Anabwera akatekisi a ku mishoni ya Fonte Boa, a Dominiko, wapansi. A Gwaza sanabwere, koma anatumiza chipewa chodzaza mandimu. Analipo amayi anga ndi makapulana awo onse. Analipo Sesiliya, Sesiliya wanga, Sesiliya wa tsamba la pichesi. Analipo Fabiyano, kuseri kwa mtengo wa gwafa, akuvina atandifulatira. Ndipo pamiyendo panga panali wotsiriza, wamng'ono kuposa onse, amene nditamupatsa kachidutswa ka pichesi anatambasula dzanja n'kulandira ndi lamanzere: Rozina, mdzukulu wanga.